Chotupa cha Khansa Chikasowa Mpweya Chimatani?

Anzanga nonse amene mwaima pa bolodi pano, tiyambe ndi funso la a Fomu 1. Mukavundikira kandulo yoyaka ndi botolo, chimachitika n'chiyani? Lawi limachepa, limaphethira pang'ono, kenaka lazima basi. Okosijeni wachepa. Tsono nzeru yomweyo tipite nayo ku matenda a khansa. Chotupa cha khansa ndi mulu wa maselo amoyo, ndipo maselo amoyo amafuna okosijeni. Ndiye kuti chotupa chikasowa okosijeni chiyenera kufota n'kufa, eti?

Mbali ina imafadi, koma mbali yotsalayo imalimba kuposa kale. Kuchepa kwa okosijeni kumafika m'selo ngati uthenga, ndipo uthengawo umadzutsa majini amene anali chigonere. Majini amenewo amathandiza chotupa kuitana mitsempha ya magazi, kusintha kadyedwe, kusamukira kwina ndiponso kukana mankhwala. Phunziro langa la lero lagona pamenepa. A Fomu 3 ndi a Fomu 4 mupezamo zinthu zimene timakumana nazo mu Bayoloje: respiration, kayendedwe ka magazi, majini ndi natural selection. A Fomu 1 ndi a Fomu 2 musathawe, tiyenda pang'onopang'ono.

1. Tikumbutsane kaye: kuyatsa jini n'kutani?

Ndikati majini sindikunena ziwanda zija amatiopseza nazo agogo ayi. Jini ndi kachigawo ka DNA kamene kali ndi malangizo opangira puloteni inayake. Munthu ali ndi majini opanga mapuloteni pafupifupi 20,000, ndipo pafupifupi selo lililonse la m'thupi lasunga onsewo m'nyukiliyasi yake. Selo la pakhungu ndi selo la m'chiwindi ali ndi majini ofanana. Nanga amasiyana pati? Amasiyana pa majini amene akuwerengedwa. Ganizirani laibulale ya mabuku 20,000. Wa Fomu 2 amatsegula ake, wa Fomu 4 amatsegula ake, ena onse amangokhala pa shelefu. Jini likamawerengedwa mpaka puloteni yake kupangidwa, timati layatsidwa. Likakhala chitsekere, timati lazimitsidwa.

Amene amasankha buku loti litsegulidwe ndi mapuloteni apadera otchedwa transcription factors. Iwowa amakakhala pa DNA pafupi ndi jini n'kuitana makina okopera uthenga wa jinilo. Apa gwirani mfundo imodzi: kuyatsa jini sikusintha zilembo za DNA. Kusintha kwa zilembo ndi mutation. Khansa imayamba ndi ma mutation amene amachititsa selo kugawikana mosalekeza, koma chotupa chikayamba kukula, malo amene maselowo akukhala nawonso amalamula majini oti ayatsidwe. Chimodzi mwa zinthu zolamula kwambiri pamalopo ndi kuchuluka kwa okosijeni.

2. N'chifukwa chiyani chotupa chimasowa okosijeni?

Mpweya umene timapuma uli ndi okosijeni 21 peresenti. Magazi amamutenga m'mapapo, himogulobini n'kumunyamula mpaka ku timitsempha tating'onoting'ono totchedwa ma capillary. Kuchoka pamenepo okosijeni amayenda yekha mwa diffusion, ndipo ulendo wake ndi waufupi zedi: mamaikulomita 100 mpaka 200 basi. Maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Kuti muone bwino, gwirani pepala limodzi kapena awiri a m'kope lanu. Kukhuthala kwake ndiye mtunda wonse umene okosijeni amatha kuyenda m'mnofu asanathe. N'chifukwa chake thupi linayala timitsempha paliponse, kuti pasapezeke selo lotalikira.

Maselo a khansa salabadira dongosolo limeneli. Amachulukana msanga kuposa mmene mitsempha ingamerere. Zili ngati mudzi umene uli ndi mjigo umodzi koma nyumba zikumangidwabe, mzere pa mzere, mpaka kutsidya kwa dambo. Apafupi amamwa. Apakati amapeza tokha tosakwana. Akutali amakhala ndi ludzu.

Mu 1955 akatswiri awiri a ku Britain, R. H. Thomlinson ndi L. H. Gray, anayang'ana pa maikulosikopu tizidutswa ta khansa ya m'mapapo n'kupeza chithunzi chomwechi. Pafupi ndi magazi panali maselo amoyo, ndipo kupitirira mtunda wina wake panali maselo akufa okhaokha. Iwo anazindikira kuti pakati pa amoyo bwino ndi akufawo payenera kukhala gulu lachitatu, la maselo amoyo koma obanika. Kubanika kotereku dzina lake ndi hypoxia. Mu 1971 dokotala wa ku Boston, Judah Folkman, anaonjezera mfundo yakuti chotupa chopanda mitsempha yakeyake sichikula kupitirira milimita imodzi kapena awiri, ngati kanjere ka mawere. Kuti chipitirire pamenepo chiyenera kupeza njira yoitanira magazi. Amene amaitana ndi maselo obanika aja.

3. Mthenga wotchedwa HIF

Selo limadziwa bwanji kuti okosijeni wachepa, pomwe lilibe mphuno kapena maso? Yankho ndi puloteni yotchedwa HIF, mawu ake onse ndi hypoxia-inducible factor. Iyi ndi transcription factor ya zigawo ziwiri, alpha ndi beta. Chigawo cha beta chimapezeka nthawi zonse. Nkhani yonse ili pa alpha.

Selo limapanga HIF-alpha usana ndi usiku, kaya okosijeni alipo kaya palibe. Koma okosijeni akakhalapo wokwanira, alpha imaphwanyidwa ikangopangidwa, mwakuti pakatha mphindi pafupifupi 5 theka lake latha kale. Kuphwanyako kumayenda m'masitepe atatu, ndipo ndikupemphani muwaloweze ndi chithunzi cha matumba a chimanga opita kuchigayo.

Poyamba, pali ma enzaimu otchedwa prolyl hydroxylase, mwachidule PHD. Ntchito yawo ndi kuika chizindikiro pa thumba. Amatenga atomu ya okosijeni n'kuimata pa amino asidi yotchedwa proline imene ili pa HIF-alpha. Inki yolembera chizindikirocho ndi okosijeni mwini wakeyo. Ma enzaimuwa amafunanso ayironi kuti agwire ntchito, ndipo vitamini C amawathandiza.

Kachiwiri, pali puloteni yotchedwa VHL. Iyi ili ngati wakabaza amene anauzidwa kuti azinyamula matumba olembedwa okhaokha. Ikaona chizindikiro chija imagwira alpha n'kuimangirira kapuloteni kotchedwa ubiquitin, kamene kali ngati tikiti ya kuchigayo.

Kachitatu, pali chigayocho, dzina lake proteasome. Chilichonse chofika ndi tikiti ija chimagayidwa.

Tsono okosijeni akachepa, inki yatha. PHD salemba kanthu. Wakabaza amadutsa osanyamula kanthu chifukwa palibe thumba lolembedwa. HIF-alpha imaunjikana, imalowa m'nyukiliyasi, imagwirana ndi beta, ndipo ziwirizi zimakakhala pa DNA pamalo amene pali zilembo ACGTG kapena GCGTG pafupi ndi majini ena. Malo amenewa amatchedwa hypoxia response element. Zikakhala pamenepo majini mazanamazana amayatsidwa.

Wina afunsa kuti, aise, kupanga chinthu n'kumachiphwanya nthawi yomweyo si kuononga kumeneko? Taganizirani ndowa yobooka pansi imene ili pa mpopi wotsegula. Madzi akulowa, madzi akutuluka, ndowa sikudzaza. Mukangotseka bowo ndi chala, nthawi yomweyo madzi ayamba kukwera, simuchita kupita kukatsegula mpopi. Selo limalolera kutaya pang'ono tsiku ndi tsiku kuti tsiku la ngozi liyankhe mwachangu, chifukwa selo lobanika lilibe nthawi yodikira.

4. Anatulukira zimenezi ndani?

Nkhaniyi inayambira ku impso, osati ku khansa. Zinkadziwika kale kuti munthu akataya magazi kapena akakwera kumapiri aatali, impso zimatulutsa homoni yotchedwa erythropoietin, mwachidule EPO, imene imauza mafuta a m'mafupa kuti apange maselo ofiira ambiri. Chimene chinkasowa ndi chakuti jini la EPO limayatsidwa ndi ndani.

Gregg Semenza wa ku yunivesite ya Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore, pamodzi ndi mnzake Guang Wang, anapeza puloteni yokhala pa DNA pafupi ndi jini la EPO okosijeni akachepa. Anaitcha HIF-1 mu 1992, ndipo mu 1995 anaipatula n'kudziwa zigawo zake ziwiri zija. Ku Oxford, dokotala wa impso Peter Ratcliffe ndi gulu lake anaonetsa kuti luso lomva kuchepa kwa okosijeni silili m'impso mokha, lili m'maselo a mitundu yambirimbiri.

Nthawi yomweyo ku Boston, William Kaelin wa ku Dana-Farber Cancer Institute ankafufuza matenda a kumtundu otchedwa von Hippel-Lindau. Mabanja amene ali ndi matendawa amabadwa ndi jini la VHL lopunduka, ndipo amadwala zotupa zodzaza ndi mitsempha ya magazi m'maso, mu ubongo ndi m'impso. Kaelin anaona kuti maselo opanda VHL amachita ngati abanika ngakhale okosijeni ali mbwee. Mu 1999 gulu la Ratcliffe linaonetsa kuti VHL ndiyo imagwira HIF-alpha kuti iphwanyidwe. Mu 2001 magulu a Kaelin ndi Ratcliffe, aliyense payekha, anapeza chizindikiro chija cha pa proline. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel ya zachipatala mu 2019. Kuchoka 1992 kufika 2019 ndi zaka 27. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Matenda a von Hippel-Lindau amatithandiza kuyesa ngati tamvetsa. Inki ilipo, matumba alembedwa, koma wakabaza kulibe. Matumba aunjikana basi. Zotere zimachitikanso m'khansa zambiri za impso za mtundu wa clear cell, ngakhale mwa anthu amene sanabadwe ndi vutoli, chifukwa jini la VHL limaonongeka m'maselo a chotupacho.

5. HIF si mdani wobadwa nawo

Ndisanalowe m'zoipa, ndinene zabwino zake, kuopa kuti wina angachoke pano akuganiza kuti HIF ndi matenda. Aliyense wa ife ali nayo ndipo popanda iyo sitikadabadwa. Mbewa za mu labotale zimene anazichotsera jini la HIF-1-alpha zimafera m'mimba mwa mayi wake, mtima ndi mitsempha zisanaumbike bwino. Mukadzicheka ndi chikwanje, mitsempha ya pabala imaduka, maselo a pamenepo amabanika, HIF imayatsa majini omeretsa mitsempha yatsopano ndipo bala limapola. Mukakhala masiku angapo pamwamba pa phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, impso zanu zimaonjezera EPO kudzera m'njira yomweyi. Othamanga a ku Kenya amene amachitira masewera awo ku Iten, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,400, amapindula nazo zomwezi. Anthu a ku Tibet, amene akhala kumapiri kwa mibadwomibadwo, ali ndi mtundu wawowawo wa jini la EPAS1, lomwe limapanga HIF-2-alpha, ndipo umateteza magazi awo kuti asakhuthale mopitirira.

Choncho chotupa sichipanga chida chatsopano. Chimaba chida cha thupi chopulumutsira moyo n'kuchigwiritsa ntchito podzipulumutsa chokha.

6. Majini amene amayatsidwa m'chotupa

Ndawagawa m'magulu anayi kuti asavute kuloweza.

Gulu loyamba ndi loitana magazi. Lotchuka kwambiri ndi jini la VEGF. Puloteni yake imatuluka m'selo lobanika n'kukafika pa mtsempha wapafupi, mtsemphawo n'kuyamba kuphuka nthambi zolunjika kuchotupa. Kumera kwa mitsempha yatsopano kotereku ndi angiogenesis. Koma mitsempha ya m'chotupa imamangidwa mothamanga ngati khola la zidutswa: yokhotakhota, yodontha, ina yothera panjira, ina yotseguka lero mawa n'kutsekeka. Chotupa chimapeza chakudya chokulira, koma zigawo zina zimabanikabe, ndipo zikabanika zimatulutsanso VEGF. Zimangozungulira choncho.

Gulu lachiwiri ndi losintha kadyedwe. Kumbukirani kuti selo likaphwanya gulukosi mmodzi ndi okosijeni m'mitokondiriya limapeza ma ATP pafupifupi 30, ngakhale mabuku ambiri a sukulu amalemba 38. Popanda okosijeni limapeza ma ATP awiri okha, n'kutsala ndi lactic acid. Amene munathamangapo mamita 400 pa tsiku la masewera mukuidziwa njira imeneyi, minofu yanu inaigwiritsa ntchito kwa kanthawi. Phindu lake ndi lochepa, ndiye kuti upeze zokwanira uyenera kudya kwambiri. HIF imayatsa jini la GLUT1, limene limapanga zitseko zolowetsera gulukosi m'selo, imayatsa ma enzaimu a glycolysis, ndiponso imayatsa PDK1 imene imatchinga njira yopita ku mitokondiriya kuti okosijeni wochepa amene alipo asathe msanga. Katswiri wa ku Germany, Otto Warburg, anaona kale m'zaka za m'ma 1920 kuti maselo a khansa amameza shuga wambiri n'kutulutsa lactic acid ngakhale okosijeni alipo. Lero tikudziwa kuti HIF ndi imodzi mwa zochititsa zimenezi. Makina ojambulira otchedwa PET amadalira dyera lomweli: wodwala amabayidwa mankhwala ofanana ndi shuga, ndipo pamene aunjikana kwambiri madokotala amayang'anapo.

Gulu lachitatu ndi lotaya zinyalala. Selo lopanga asidi wambiri lingadziphe lokha. HIF imayatsa majini ngati CA9 ndi ena opopa asidi kunja, mwakuti m'kati mwa selo la khansa mumakhala bwino koma kunja kwake kumawawasa. Amene amavutika ndi anansi: maselo abwino apafupi, ndi maselo oyera a chitetezo amene anabwera kudzamenya chotupacho. Asilikali a thupi amafika pamalo opanda mpweya, opanda shuga, odzaza asidi, n'kufooka.

Gulu lachinayi ndi la msamuko. Njala ikakula pamudzi anthu amasamuka. Maselo a pakhungu ndi a m'kati mwa ziwalo amagwirana ndi guluu wotchedwa E-cadherin. HIF imayatsa majini amene amachepetsa guluuyu, ndiponso ena opanga ma enzaimu odula ulusi umene umamanga mnofu. Selo limamasuka, limakwawa, limapeza mtsempha wodontha uja, limalowa m'magazi n'kukamera kuchiwindi, kumapapo kapena m'mafupa. Kufalikira kumeneku ndi metastasis, ndipo ndiko kumapha anthu ambiri odwala khansa.

Palinso chinthu china chimene a Fomu 4 achizindikira msanga. M'selo muli puloteni yotchedwa p53, imene imalamula selo loonongeka kwambiri kuti lidziphe. Pamalo obanika, maselo amene p53 yawo ikugwira ntchito amamvera n'kufa. Amene p53 yawo inaonongeka samva, amatsala n'kuberekana. Imeneyi ndi natural selection yeniyeni, ikuchitika m'thupi la munthu mmodzi m'miyezi ndi zaka zochepa. Kubanika kumasefa ofooka n'kusiya ouma mitu.

7. Chifukwa chake chotupa chobanika chimavuta kuchiza

Njira imodzi yochizira khansa ndi kuiwotcha ndi cheza champhamvu chochokera m'makina, imene achipatala amati radiotherapy. Chezacho chimavulaza DNA ya selo. Okosijeni akakhalapo amamatirira pa balalo n'kulichititsa kukhala losakonzeka, selo n'kufa. Akasowa, selo limatha kukonza balalo. L. H. Gray yemwe uja ndi anzake analemba za zimenezi mu 1953. Kuti muphe maselo opandiratu okosijeni pamafunika cheza chochuluka kuwirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi maselo opuma bwino. Muyeso wa cheza chimene thupi lalandira umatchedwa gray polemekeza munthu ameneyu. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene cheza chimaperekedwera pang'onopang'ono kwa masabata angapo: maselo akunja akafa, ena amene anali obanika amayamba kulandira okosijeni, ndipo ulendo wotsatira chezacho chimawapeza.

Mankhwala a chemotherapy nawo amakumana ndi mavuto atatu. Amayenda m'magazi, ndiye kumene magazi safika nawonso safika bwino. Ambiri amapha maselo amene akugawikana, pomwe maselo obanika amagawikana mochedwa. Ndipo HIF imatha kuyatsa jini la MDR1, lopanga pampu yotulutsira mankhwala kunja kwa selo.

Zimenezi zinaoneka mwa anthu enieni. M'zaka za m'ma 1990 ku Germany, Michael Höckel ndi Peter Vaupel ankayeza okosijeni m'zotupa za khomo la chiberekero pogwiritsa ntchito singano yapadera. Anapeza kuti amayi amene zotupa zawo zinali zobanika kwambiri, matenda awo ankabwerera ndi kufalikira kuposa a anzawo.

Nanga bwanji osangopanga mankhwala otseka HIF? Akatswiri akuyesa. Mu 2004 dziko la America linavomereza bevacizumab, mankhwala ogwira VEGF kuti isafike pa mitsempha. Mu 2021 linavomereza belzutifan, amene amaletsa HIF-2-alpha kugwirana ndi beta, kwa odwala zotupa za von Hippel-Lindau. Koma paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka. HIF imene ikudyetsa chotupa ndi yomweyo ikuyatsa EPO m'impso. N'chifukwa chake ambiri omwa belzutifan magazi awo amachepa, ndipo madokotala amayenera kuwayeza pafupipafupi. Mbali inayi, kuli mankhwala ngati roxadustat amene amatseka PHD mwadala kuti HIF ichuluke, pothandiza odwala impso amene magazi awo achepa. Chitseko ndi chimodzi, wina akufuna chitsekeke, wina akufuna chitseguke.

8. Mphekesera ziwiri zofunika kuzikana

Yoyamba ndi yakuti munthu akamapuma mwamphamvu, kapena akamwa madzi amene ogulitsa akuti ali ndi okosijeni wambiri, khansa itha. Bodza limenelo. Mwa munthu wa mapapo abwino himogulobini imachoka m'mapapo itadzaza kale pafupifupi yonse. Vuto la chotupa si kuchepa kwa katundu kumsika, ndi kuipa kwa msewu. Chimene chimaonjezeradi vutoli ndi kusuta fodya, chifukwa utsi wake uli ndi carbon monoxide amene amalanda malo a okosijeni pa himogulobini, komanso kuchepa kwa magazi. N'chifukwa chake achipatala amayeza magazi a wodwala khansa asanayambe ndiponso ali mkati molandira chithandizo.

Yachiwiri ndi yakuti popeza khansa imakonda shuga, wodwala asiye nsima, mbatata ndi zipatso kuti chotupa chife ndi njala. Izinso ayi. Chiwindi chimapanga gulukosi kuchokera ku zinthu zina, ngakhale ku minofu ya wodwalayo, kuti ubongo usasowe. Amene amawonda ndi munthu, chotupa chikudyabe. Wodwala ayenera kudya bwino kuti apirire chithandizo.

9. Zikutikhudza bwanji kuno kwathu?

Khansa ya khomo la chiberekero, yomwe Höckel ankayeza ija, ndiyo khansa yofala kwambiri pakati pa amayi m'Malawi, ndipo dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene vutoli ndi lalikulu zedi pa dziko lonse. Imayamba ndi kachilombo ka HPV. Kachilomboka kamapanga puloteni yotchedwa E6 imene imaphwanyitsa p53, mlonda uja wolamula selo loonongeka kuti life. Koma kuchoka pa kutenga kachilombo kufika pa khansa yeniyeni nthawi zambiri pamadutsa zaka 10 kapena kuposerapo, ngakhale kwa amene chitetezo chawo chatsika zimafulumira. M'zaka zimenezo maselo osokonekerawo amakhala pamwamba penipeni pa khomo la chiberekero, asanalowe m'kati, asanamange mitsempha yawo yambiri, asanasefedwe ndi kubanika. Namwino amatha kuwaona popaka viniga pamalopo, chifukwa amayera, ndipo amatha kuwaononga tsiku lomwelo ndi kachipangizo kotenthetsa kapena koziziritsa. Katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse lino mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, amatseka chitseko nkhani isanayambe n'komwe.

Khansa ina yodziwika kuno ndi Kaposi sarcoma, ija imatulutsa mabala kapena timatotupa takuda kapena tofiirira, kawirikawiri m'miyendo. Imayamba ndi kachilombo kamene Yuan Chang ndi Patrick Moore anakatulukira mu 1994, ndipo imakonda anthu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV. Kachilombo kameneka kamachulukitsa HIF m'maselo amene kalowamo, VEGF n'kuchuluka, ndipo n'chifukwa chake zotupa zake zimadzaza timitsempha. Kenanso, ena mwa majini a kachilomboko ali ndi malo aja okhalapo HIF, mwakuti kubanika kwa selo kumatha kukadzutsa. Kumwa ma ARV mokhulupirika kumachepetsa kwambiri khansa imeneyi.

Phunziro lonseli likutiuza chinthu chimodzi chogwirika. Chotupa cha chaka chino si chimodzimodzi ndi cha chaka chamawa. Chikamakula chimabanika, chikabanika chimayatsa majini, ndipo majiniwo amachisandutsa chovuta kuwotcha, chovuta kufikira ndi mankhwala, chokonzeka kusamuka. Mwezi uliwonse umene munthu wakhala kunyumba ndi chotupa cha m'bere, ndi bala losapola, kapena ndi kutaya magazi kosadziwika bwino, poyembekeza kuti zitha zokha, ndi mwezi umene HIF ikugwira ntchito yake.

10. Dziyeseni

a. Fotokozani kusiyana kwa mutation ndi kuyatsidwa kwa jini.
b. Jambulani mtsempha wa magazi pakati pa pepala, kenaka muonetse magulu atatu a maselo a chotupa molingana ndi mtunda wawo.
c. Pa fanizo la chigayo, inki ikuimira chiyani? Nanga wakabaza? Nanga chigayocho?
d. N'chifukwa chiyani selo lopanda VHL limatulutsa VEGF ngakhale okosijeni ali wokwanira?
e. Selo likufuna ma ATP 60. Lifunika magulukosi angati ngati lili ndi okosijeni, nanga angati ngati lilibe? Gwiritsani ntchito 30 ndi 2.
f. Perekani zifukwa ziwiri zimene chotupa chobanika chimavutira kuchiza.

Mayankho onse ali m'nkhani momwemu, kupatula la funso e limene mupeze nokha ndi masamu a Sitandade 5. Kopererani mafunsowa m'kope, pepalali lisiyeni pa bolodi kuti anzanu nawonso awerenge.

Funso lomaliza silolemba m'kope, ndi lopita nalo kunyumba. Atsikana, yang'anani m'kabuku kanu ka kuchipatala ngati munalandira katemera wa HPV, muyang'anenso ka mng'ono wanu. Anyamata, nanunso muli ndi amayi, azakhali ndi achemwali. Kufunsa mayi ako za zinthu zotere kumachititsa manyazi, ndikudziwa, koma mutha kuyamba ndi mawu akuti, “Amayi, kusukulu taphunzira za khansa, kodi munapitako kukayezetsa?” Akakufunsani chifukwa chake mukuwafulumizitsa, afotokozereni za mjigo, za inki ndi za wakabaza.